Tisanapemphe Mdadada Watsopano

Lero tili kumapiri a kummwera, m'maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu, amene ku unduna wa zamaphunziro amawaphatikiza kukhala chigawo chimodzi chotchedwa Shire Highlands. Tikambirana za nyumba za sukulu zathu za sekondale, makalasi, malabotale, zimbudzi ndi nyumba za aphunzitsi, ndi mmene anthu a dera limodzi angakhalire pansi n'kupangana zozikonzanso kapena kuzimanganso. Inu a kwina musatseke wailesi, poti denga likamadontha ku Thekerani, kadonthedwe kake ndi komweko ndi ka ku Mchinji.

Pamsonkhano uliwonse wa chitukuko, alendo akangofunsa kuti, "Kodi pasukulu pano mukusowa chiyani?" yankho limakhala lili kale pamlomo: mdadada watsopano. Wapampando wa komiti anena, amfumu atsindika, aphungu alonjeza, amayi alulutira. Sindinamvepo munthu akuimirira n'kunena kuti, "Bwana, tisanapite patali, tiyeni tizungulire kuseriku mukaone mdadada umene tili nawo kale." Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Mdadada watsopano uli ndi tsiku lotsegulira, uli ndi riboni, magule, ndi mwala wolembedwa dzina la munthu. Denga lokhomedwanso palibe amalidulira riboni, ndipo ngalande yochotsa madzi kumaziko palibe amajambulitsa nayo chithunzi. Ndiye timangoonjezera nyumba kumaso kwinaku zakumbuyo zikugwa, ndipo pakapita zaka mupeza kuti zipinda zophunziriramo sizinachuluke kwenikweni, zangosuntha malo.

Maganizo anga ndi akuti dongosolo lokonzanso sukulu liyambe ndi kope, cholembera ndi makwerero, kalata yopempha thandizo ibwere pambuyo. Koma tisanakwere padenga, tidziwe kaye kuti nyumba zimenezi zinachokera kuti, chifukwa si za m'badwo umodzi ndipo matenda awo ndi osiyana.

Gulu loyamba ndi la sukulu zakale zimene boma ndi mipingo zinamanga mofatsa. Mbiri yake m'dziko muno imayambira pa Blantyre Secondary School mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951, kenako zina zimene zinabwera m'maboma osiyanasiyana titalandira ufulu. Zimenezi makoma ake ndi ochindikala, maziko ndi okuya, ndipo zambiri zikhoza kuima zaka zina makumi angapo. Chimene chinatha ndi zamkati: mapaipi anachita dzimbiri, mawaya a magetsi anakalamba, zimbudzi zamadzi zinatsekeka, miphika yamagetsi ya kukhitchini inafa kalekale ophika n'kubwerera ku nkhuni. Sukulu yotere kuigwetsa ndi kuwononga chuma. Imafuna pulambala, mmisiri wa magetsi ndi kalipentala.

Gulu lachiwiri ndiye lalikulu, ndipo ndi kumene ana ambiri a m'midzi yathu amapita: sukulu zoyendera za CDSS. Akuluakulu akukumbukira kuti zimenezi sizinabadwe ngati sekondale zenizeni. Zinali malo ophunzirirako mwa makalata, pansi pa Malawi Correspondence College imene inayamba mu 1965, imene pambuyo pake inadzatchedwa MCDE. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, chiwerengero cha ana chinadumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo zinaonekeratu kuti khamu limeneli lidzagogoda pakhomo la Fomu 1. Mu 1998 boma linalamula kuti malo a MCDE aja asanduke ma CDSS. Dzina linasintha tsiku limodzi, koma nyumba zinali zomwe zija: zina zobwereka kupulayimale, zina kutchalitchi, zambiri zomangidwa ndi makolo okha. Anthu anaumba njerwa mudzi ndi mudzi, amayi anasenza mchenga ndi madzi pamutu, n'kusonkherana ndalama yolipira mmisiri wa pompo. Simenti ikachepa ankamangira dothi n'kupaka pulasitala pamwamba. Anthu amenewo ndimawavulira chipewa, chifukwa popanda iwo madera ambiri sakanakhala ndi sekondale mpaka lero. Komabe nyumba zawo zambiri zinamangidwa mothamanga, popanda injiniya, ndipo tsopano zatopa.

Gulu lachitatu ndi la nyumba za posachedwa, zomangidwa ndi thandizo lakunja: la dziko la Japan kudzera ku JICA, la African Development Bank, la European Union, la World Bank pa ndondomeko ya EQUALS, ndi la America pa ndondomeko ya SEED. Izi n'zokongola ndithu, koma nazo zayamba kale kufuna dzanja, loko apa, galasi apo, thanki ikudontha. Komanso tinaona mu 2025, thandizo la USAID litaduka, kuti mlendo akhoza kunyamuka nthawi ina iliyonse. Pulani imene yangotsamira pa mlendo yekha imagwa tsiku limene iye watsanzika.

Tsopano tengani kope lija tiyende. Pakhale ahedi, wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, mayi mmodzi wa mother group, mmisiri wodziwa ntchito yake, ndi munthu wa ku ofesi ya zomangamanga kukhonsolo. Muitanenso mlonda, chifukwa iye ndi amene amadziwa chitseko chimene sichitsekeka ndi pamene madzi amadikha usiku mvula ikagwa. Ana awiri, mtsikana ndi mnyamata, akhalepo. Ulendo woyamba muuyende mvula ikugwa, mu Januwale kapena Febuluwale. Sukulu yoyenderedwa mu Okutobala imanama.

Yambani ndi denga. Lowani m'kalasi masana, tsekani chitseko, yang'anani kumwamba muwerenge timabowo timene tikulowetsa kuwala. Kumene kuli siling'i, fungo la mileme likulandirani musanakwere n'komwe, ndipo mukaona siling'iyo yafufuma n'kuda, dziwani kuti pamwamba pake pali ndowe zolemera zimene tsiku lina zidzagwera ana. Mmisiri akwere ndi msomali m'manja, abaye mitanda ndi phaso. Thabwa limene chiswe chadya limaoneka labwinobwino kunja, koma msomali umangolowa osalimbana nalo. Aone ngati denga linamangiriridwa kukhoma ndi waya kapena chitsulo chozikika m'njerwa, kapena linangokhazikidwa pamwamba n'kutsekereza ndi matope. Madenga ambiri amene timamva kuti asasuka ndi mphepo ya mvula yoyamba amachoka athunthu, malata ndi mitengo yomwe, chifukwa panalibe chowagwira.

Mukatsika, zungulirani khoma. Mng'alu woonda wa pulasitala usakuopseni. Woopsa ndi umene wayambira pakona ya zenera n'kutsika mopingasa motsata mizere ya njerwa, wotakasuka kumwamba kapena kumunsi moti chala chikulowa. Umenewo ukunena kuti pansi pakusuntha. Pali njira yosavuta yodziwira ngati ukukula: matani kasimenti pang'ono modutsa mng'aluwo, lembani tsiku pambali pake, mudzabwerenso mvula ikatha. Kasimentiko kakasweka, khoma likuyendabe. Yang'ananinso m'munsi mwa khoma. Ngati pulasitala akufumbutuka kuyambira pansi kufika m'bondo, ndiye kuti chinyezi chikukwera kuchokera kumaziko, mwina omanga sanaike pulasitiki wakuda uja pamwamba pa fandeshoni, mwina madzi a padenga amangogwera patsinde pa khoma popanda khonde kapena ngalande yowatenga. Kuno kwathu, kumene chiperoni chimanyowetsa makoma ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julayi, nyumba yopanda ngalande imakalamba msanga kwambiri.

Mukatha zonsezi, nyumba iliyonse ipatsidwe chigamulo. Ina ikungofuna misomali, penti ndi magalasi. Ina ikufuna denga latsopano ndi lamba wa konkire pamwamba pa mazenera, koma makoma akhale omwewo. Ina ndi yoti ana atulukemo lero lomwe, igwetsedwe. Chigamulo chomalizachi ndi chowawa, chifukwa pakati pa anthu a komiti pamakhala gogo amene anaumba nawo njerwa za mdadada umenewo. Muwalankhule mwaulemu, njerwa zabwino muzisankhe zikagwire ntchito pampanda kapena pakhitchini. Koma musasiye ana pansi pa khoma lopendekeka chifukwa choopa kukhumudwitsa munthu.

Tsopano za malo, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa anthu a maboma anayiwa aiona nkhaniyi ndi maso awo. Mu Malichi 1991 madzi, miyala ndi matope zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu 2019 kunabwera namondwe Idai, mu Januwale 2022 namondwe Ana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula mapiri, kusintha njira za mitsinje, n'kusiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa m'chigawo cha kummwera. Sukulu zinatsekedwa masabata angapo. Funso limene komiti iliyonse iyenera kudzifunsa isanakumbe maziko ndi lakuti: kodi pamalo pano madzi anadutsapo? Injiniya wochokera ku Lilongwe akhoza kubwera ndi mapu ake, koma agogo a m'mudzi amadziwa pamene Napolo anadutsa, amadziwa khwawa limene linakwiririka anthu n'kuyamba kulimapo. Miyala ikuluikulu yoti mbwee pakati pa munda m'tsinde mwa phiri sinamere pamenepo, inabwera ndi madzi, ndipo njira imene inadzera ikadalipo. Pali sukulu zina zimene yankho loona ndi kusamuka, ngakhale kuti kupeza malo kuno ndi nkhani yovuta.

Kuchigwa cha Phalombe vuto ndi lina: dothi la makande. M'dzinja limafufuma, m'chilimwe limauma n'kung'ambika, ndipo nyumba yokhala pamwamba pake imakankhidwa uku ndi uku chaka chilichonse mpaka khoma kuthyoka. Ku Thyolo ndi mbali zina za Chiradzulu ndi zitunda, kumene madzi othamanga amakumba kunsi kwa maziko. Ndiye pulani imodzi yojambulidwa kulikulu, yoti imangidwe chimodzimodzi ku Migowi, ku Bvumbwe ndi ku Muloza, singakhale yolondola kuyambira pansi. Pamwamba pakhoza kufanana, koma maziko azilamulidwa ndi dothi la pamalopo. Ndalama yoyezetsa dothi imaoneka ngati yotayika chifukwa palibe chooneka chimene imasiya, koma ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa mdadada wong'ambika pakati usanathe zaka zisanu.

Pali chinanso chimene Freddy anatiphunzitsa chimene sitinachilembe m'mapulani athu. Madzi akabwera, anthu amathawira kusukulu. Tifune tisafune, sukulu ndiyo msasa wa dera. Mabanja amagona m'makalasi, amaphika pakhonde, zimbudzi zimene zinakumbidwira ana mazana ochepa zimadzaza m'masiku owerengeka, ndipo pena madesiki amathera pamoto poti nkhuni zonse zanyowa. Anthu ovutikawo sindikuwadzudzula, inenso nditazingwa ndikanachita zomwezo. Koma poti tikudziwa kuti zidzachitikanso, bwanji pokonzanso sukulu tisamangiretu holo imodzi yolimba pamalo okwera, yokhala ndi zimbudzi zake ndi madzi ake, ndi chipinda chokhoma chosungiramo madesiki ndi mabuku? Masiku abwino holoyo ikhala yolemberamo mayeso a MANEB ndi yochitiramo misonkhano. Masiku oipa anthu ali ndi kothawira, ana a Fomu 4 n'kumaphunzirabe.

Za zipangizo ndingodutsamo mwachangu. Nyumba zina zakale za kuno zinafoleredwa pa matabwa a mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene chiswe sichiukonda. Mkungudzawo tinaumaliza tokha, ndipo lero tikudalira paini ndi bulugamu. Ngati matabwa sanaviikidwe m'mankhwala, mukukonzera chiswe phwando, ndiye pamene ndalama ilipo ndi bwino kuika zitsulo. Malata nawo ali ndi chinyengo chake: nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala. Geji 28 ndi lochindikala kuposa geji 32, ndipo kontilakitala wosakhulupirika amalemba loyambalo papepala n'kukhoma lachiwirilo padenga. Wina wa komiti aziona malata akamatsitsidwa m'galimoto, asanakwere.

Njerwa ndiye zasintha nkhani yonse ya chitukuko chodzithandiza. Kuyambira masiku a MASAF tinazolowera kuti gawo la mudzi ndi kuumba ndi kuwotcha njerwa, boma libweretse simenti ndi malata. Koma mu 2018 kunabwera malamulo, kudzera ku bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC, oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa ntchito za boma ndi zina zikuluzikulu. Aliyense amene waona mmene mapiri athu ayerera, ndi mmene matope anatsikira mu 2023, sangatsutse chifukwa chake. Chodandaulitsa n'chakuti uthengawu sunafike bwino m'midzi, moti mupezabe mauvuni a njerwa ataima pasukulu, udzu utamera pamwamba, anthu akudikira thandizo limene silidzalandira njerwa zimenezo. Mafumu auzidwe poyera chimene mudzi ungapereke tsopano: mchenga, miyala, madzi, malo, ulonda wa zipangizo, ndi achinyamata oti aphunzire kuumba mabuloko a simenti n'kulipidwa.

Nanga choyamba kumanga n'chiyani? Apa ndikudziwa kuti tisiyana maganizo, koma ine ndinena zanga. Pambuyo pochotsa ana m'nyumba zoopsa, choyamba ndi madzi ndi zimbudzi. Mtsikana wa Fomu 2 amene ali kumwezi, pasukulu popanda chimbudzi chotseka bwino, popanda madzi, popanda kachipinda kosinthira, amangokhala kunyumba masiku amenewo, ndipo mwezi ndi mwezi maphunziro amamudutsa. Amayi a mother group akhala akunena zimenezi kwa zaka zambiri, koma pamsonkhano amapatsidwa mpata kumapeto, anthu atayamba kale kuimirira. Ndipo chimbudzi cha pamakande chimafuna dzenje lomangidwa ndi njerwa kuyambira pansi, apo ayi chidzatitimira mvula ya chaka chomwecho.

Chachiwiri ndi nyumba za aphunzitsi. Mphunzitsi wa masamu kapena sayansi amene ali ndi digiri akatumizidwa kusukulu ya kumudzi, n'kupeza kuti nyumba ya lendi yapafupi ili pamtunda wa ola lathunthu panjinga, miyezi ingapo yokha amakhala ali ku ofesi kupempha transifa. Mukhoza kumanga labotale yonyezimira, koma popanda womugoneka pafupi, idzakhala yokhoma. Labotaleyo payokha tiinenenso zoona. Mayeso a MSCE ali ndi gawo lochita ndi manja pa Biology, Chemistry ndi Physics, ndipo alipo ana a m'ma CDSS amene amagwira zipangizo zina koyamba mayeso atayandikira. Ndiye labotale ikufunika, koma ikhale ndi madzi otuluka pampopi, magetsi kapena sola, kabati yokhoma ya mankhwala, ndi ndalama yogulira mankhwalawo chaka ndi chaka. Chipinda chokhala ndi masinki ouma ndi dzina pachitseko chimangosanduka kalasi wamba, kapena mosungira matumba a chimanga.

Za malo ogona atsikana, aliyense amene analowapo m'tinyumba ta lendi ta pamisika yathu, mmene ana a selefu amagona anayi asanu m'kachipinda kamodzi kopanda loko weniweni, pafupi ndi malo omwera mowa, sangafunse ngati hositelo ndi yofunika. Koma walira mvula walira matope. Hositelo imafuna mpanda, matroni, khitchini, madzi usiku ndi usana, zitseko zotsegukira kunja ndi mazenera oti ana angathawirepo moto utabuka. Ngati zimenezo simunaziwerengere, mwangosamutsa vuto kuchoka kumsika kulibweretsa pasukulu. Musaiwalenso mwana woyenda panjinga ya olumala: masitepe atatu a pakhomo la kalasi kwa iye ndi khoma, ndipo chitseko cha chimbudzi chikhale chotakata moti njingayo ilowe.

Tifike pa nkhani imene imadanitsa anthu: sukulu iti iyambe? M'boma limodzi muli ma CDSS makumi angapo, ndipo ndalama ya chaka chimodzi singakwanire onse. Chimene timachita kawirikawiri ndi kugawa pang'onopang'ono kuti aliyense asadandaule, wodi iliyonse ilandireko kanthu. Zili ngati kutenga thumba limodzi la feteleza n'kulimwaza m'munda wa maekala asanu: mwathira paliponse, koma palibe phesi limene lidzabereke. Zotsatira zake timaziona m'mbali mwa misewu, midadada yofika m'mazenera n'kuima, zaka zikudutsa, mitengo ikumera m'kati, mbuzi zikugonamo. Ndipo kudikira kuli ndi mtengo wake. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama imene ikanamaliza nyumba chaka chimene inayambidwa, chaka chotsatira sinakwanirenso. Kuli bwino kumaliza sukulu zitatu chaka chino, zina zitatu chaka chamawa, kusiyana ndi kuyamba khumi n'kusamaliza ngakhale imodzi.

Koma kuti sukulu yachinayi ivomere kudikira, iyenera kukhulupirira kuti mzerewo ndi wachilungamo ndipo sudzasintha usiku. Apa ndiye pamagona ntchito ya kope lija. Makope a sukulu zonse akasonkhanitsidwa, mndandanda upangidwe potsata zinthu zoti aliyense angathe kuziona: kuopsa kwa nyumba, kuchuluka kwa ana m'chipinda chimodzi, chiwerengero cha ana pa chimbudzi chimodzi, mtunda umene amayenda. Mndandandawo ukambidwe kumakomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, ulowe mu pulani ya chitukuko ya khonsolo, kenako umatidwe pabolodi kukhonsolo, kwa a T/A ndi pasukulu iliyonse, m'Chichewa. Aphungu kapena akhansala akafuna kudumphitsa sukulu ya kwawo, achite kufotokoza pamaso pa anthu chifukwa chake. Thumba la chitukuko la CDF, limene linayamba mu 2006, lakhala likukula, ndipo mkangano wa yemwe aziliyendetsa sunathe. Kaya apambana ndani pamkanganowo, ndalamayo itsate mndandanda.

Palinso kampata kamene sukulu za sekondale zimagweramo. Mapulayimale ali m'manja mwa khonsolo, koma sekondale kwa nthawi yaitali zakhala zikuyang'aniridwa ndi ofesi ya chigawo cha maphunziro ndi kulikulu. Ndiye ahedi a CDSS denga likasasuka amalemba kalata kuchigawo, chigawo chimatumiza kulikulu, kukhonsolo amati si zathu kwenikweni, aphungu amati tiona bajeti ikubwerayi, ana ali pansi pa mtengo wa mango. Pulani ya dera itchule dzina la ofesi imene idzayankhe pa chinthu chilichonse, ndipo a chigawo ndi a khonsolo akhale patebulo limodzi poilemba.

Ntchito ikaperekedwa kwa kontilakitala, komiti ya sukulu ipatsidwe chikalata cha BOQ, chija chimalemba kuti matumba a simenti ndi angati, malata ndi a geji yanji, zitseko ndi zamtundu wanji, ndi mtengo wake. Chikwangwani chiime pamsewu chonena dzina la kampani, ndalama zonse, ndi tsiku lomaliza. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho kufunsa zimenezi si mwano. Anthu ena amaopa kuti, "Ife osaphunzira tingamuuze chiyani injiniya?" Koma kuwerenga matumba a simenti amene alowa mustolo ndi amene atuluka sikufuna digiri. Mayi amene amaona foromani akusakaniza mawilibala ambirimbiri a mchenga pa thumba limodzi amadziwa kuti pulasitala ameneyo adzafumbutuka ndi chikhadabo.

Tisamangire ana a lero okha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo maboma athu anayiwa ali m'gulu la othithikana kwambiri. Mpaka pano ana ambiri amene amakhoza mayeso a Sitandade 8 sapeza malo ku sekondale ya boma, n'chifukwa chake makalasi omwewo masana amadzazanso ndi ana a sukulu za open. Njira yodziwira zam'tsogolo ili pafupi: pitani kumapulayimale onse amene amatumiza ana ku CDSS yanu, muwerenge amene ali mu Sitandade 5, 6 ndi 7. Amenewo ndiwo akubwera. Mukatero jambulani mapu a malo onse a sukulu, musonyeze pamene padzakhale mdadada wa zaka zisanu zikubwerazi, pamene padzakhale hositelo, pamene padzatsale bwalo la mpira, kuti wopereka thandizo akabwera asangoloza pamene pamukomera n'kutseka njira ya zina zonse. Ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene minda ya tiyi inatenga malo aakulu ndipo anthu akulima mpaka pakhonde la kalasi, nthawi yakwana yoganizira midadada yosanja m'malo ngati Luchenza ndi Limbuli. Malire a sukulu nawo ayezedwe ndi kulembedwa mafumu amene anapereka malowo akadali moyo. Mikangano yambiri imabuka mdzukulu akabwera n'kunena kuti agogo anangobwereketsa.

Kalendala nayo imatipusitsa chaka chilichonse. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, nthawi yabwino ndithu poti mvula imakhala ikutha. Koma kuitanitsa makontilakitala kukayamba mu Juni, kusankha mu Ogasiti, kusainirana mu Okutobala, maziko amakumbidwa mvula yoyamba ikugunda, galimoto ya simenti n'kutitimira m'matope panjira. Mapepala onse azitha m'dzinja, kuti pofika Meyi mmisiri akhale ali pamalo. Ntchito yosasula denga la kalasi imene ikugwiritsidwa ntchito ichitike patchuthi chachitali, mayeso a JCE ndi MSCE atatha, sukulu isanatsegulidwe mu Seputembala. Ngati singathe pa nthawiyo, pulani inene kumene ana adzaphunzirire, kaya ndi kutchalitchi, kaya ndi mosinthana m'mawa ndi masana, makolo adziwiretu. Ndipo gawo lomaliza la malipiro a kontilakitala, lija limasungidwa kudikira kuona zolakwika, lisatuluke denga lake lisanalawe mvula ya dzinja lathunthu.

Chotsala ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku, ya loko wothyoka ndi lata limodzi lozuka. Kwa zaka zambiri ma CDSS ankadalira kandalama ka chitukuko kamene makolo ankapereka teremu iliyonse. Boma litalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 maphunziro a sekondale m'sukulu zake akhale aulere, makolo ambiri anapuma, ndipo m'pomveka. Koma loko uja adzathyokabe. Ndiye m'ndalama imene boma likutumiza kusukulu mukhale gawo lolembedwa padera la kukonza nyumba, losaloledwa kubwerekedwa kukalipirira maulendo kapena misonkhano, ndipo lifike teremu isanayambe. Ahedi akhale ndi mphamvu yoitana kalipentala wa pamsika tsiku lomwelo lata lazuka, osachita kudikira chilolezo chochokera kutali. Kumayambiriro kwa Okutobala aliyense, wina akwere padenga ndi hamala ndi misomali, ana a Fomu 3 afukule ngalande, ndipo nthambi za bulugamu zimene zaweramira pamakalasi zidulidwe.

Nthawi yatithera, omvera. Inu a komiti amene mwamva, kope la masamba 80 likwanira sukulu yonse, ndipo makwerero mukabwereke kwa akatekisiti kapena kwa mmisiri wa pamsika.